Pothamanga Mngerezi, Mchewa Amayenda

Wophunzira aliyense amene wadutsa m'makalasi a pulayimale amadziwa kuti mneni wa Chingerezi wakuti "run" amatanthauza kuthamanga, ndipo chidziwitso chimenechi chimamukwanira kwa zaka zingapo, kufikira atayamba kuwerenga nyuzipepala ndi mabuku a akuluakulu, momwe mneni yemweyo amapezeka akunena za mayi amene ali ndi golosale, za mpopi umene wina waiwala kutseka, za injini ya chigayo, za mamina a mwana wodwala chimfine, ngakhalenso za munthu amene akufuna upulezidenti. Pa zinthu zonsezi palibe chimene chikuponya miyendo, ndipo zina, monga golosale ija, sizisuntha n'komwe pamalo pake. Mphunzitsi amene anapereka tanthauzo loyamba lija sanalakwe, poti mwana ayenera kuyambira penapake, koma tanthauzolo limakhazikika m'mutu ngati kuti ndi lokhalo, ndipo limasocheretsa ngakhale anthu ophunzira bwino akamamasulira nkhani za pa wailesi kapena zikalata za m'maofesi.

Kukula kwa nkhaniyi kumaoneka bwino mu Oxford English Dictionary, mtanthauziramawu wamkulu wa Chingerezi, amene ntchito yake inayambitsidwa ndi bungwe la Philological Society la ku London mu 1857, ndipo kusindikiza kwake koyamba kunadzatha mu 1928. Buku limeneli limasiyana ndi madikishonale a kusukulu chifukwa limatsata mbiri ya liwu lililonse, n'kusonyeza matanthauzo onse amene liwulo lakhala nawo chiyambire kulembedwa, pamodzi ndi ziganizo zotengedwa m'zolemba zakale ndi zatsopano kuti zikhale umboni. M'kusindikiza kwachiwiri kwa mu 1989, mneni amene anali ndi matanthauzo ochuluka kuposa onse anali "set", amene mwachidule ndi kuika kapena kukhazika, ndipo anali ndi matanthauzo 430. Akonzi atayamba kuliwunikanso bukuli, kuyambira pa lemba la M, malo oyamba analandidwa ndi "make" mu 2000, kenako ndi "put" mu 2007, ndipo mu 2011 anafika kwa "run", amene mkonzi wina, Peter Gilliver, anamusanthula kwa miyezi yoposa 9 n'kumupezera matanthauzo 645, kuwerenga mneni yekha osaphatikizapo pamene liwulo likugwira ntchito ngati dzina.

Chiwerengero chimenechi chimatchulidwa kawirikawiri ngati kuti wina anangowerenga zinthu zimene zinali kale padera padera, pamene zoona zake n'zakuti malire a pakati pa tanthauzo limodzi ndi linzake amaikidwa ndi mkonzi. Madzi akuyenda mu mtsinje ndi misozi ikutsika m'masaya, mkonzi wina angati ndi tanthauzo limodzi, lakuti chinthu chamadzimadzi chikusuntha, pomwe mnzake angazilekanitse poona kuti ziganizo zake zimamangidwa mosiyana, ndipo onse awiri angakhale ndi zifukwa zomveka. Palinso mfundo ina imene okonda kutchula chiwerengerochi amailumpha, yakuti pa nthawi imene "run" ankapatsidwa malo oyamba, "set" anali asanawunikidwenso, kotero kuti mpikisanowo unali wa liwu lofufuzidwa chatsopano ndi liwu lodalira kafukufuku wakale. Chimene 645 akutsimikiza n'chakuti mneniyu ndi wotambalala kwambiri, ndipo funso lopindulitsa ndi lakuti nanga n'chiyani chimene chimalumikiza matanthauzo ochuluka chotere, popeza Mngerezi wamba amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osasokonezeka, komanso osawaloweza mmodzimmodzi.

Yankho likuyambira m'mbiri ya liwulo. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali mneni wakuti "rinnan", amene ankalembedwanso kuti "irnan", ndipo ankanena za kuthamanga kwa munthu komanso za kuyenda kwa madzi. Chijeremani, chimene ndi chibale cha Chingerezi, chili ndi aneni awiri pa malo amenewa, "rennen" wa kuthamanga ndi "rinnen" wa kuchucha kapena kuyenderera kwa zamadzimadzi, koma Chingerezi chinasunga zonse ziwiri m'liwu limodzi. Motero kuyenda kwa madzi si tanthauzo lobwera pambuyo, lobwerekedwa kwa wothamanga, koma ndi lakale ngati linzakelo, ndipo likaonedwa bwino likusonyeza kuti phata la mneniyu si liwiro ayi, koma kusuntha kopitirira, kosadukiza ndi kosatchingidwa. Kuchokera pa phata limeneli n'zosavuta kuona chifukwa chake madzi a m'mipope amatchedwa "running water", chifukwa chake mphuno yochucha mamina imanenedwa ndi mneni yemweyo, ndi chifukwa chake utoto wa chitenje chatsopano ukatuluka pochapa n'kudetsa zovala zina Mngerezi amati wachita "run". Chingerezi cholankhulidwa kuno kumwera kwa Africa chinawonjezerapo "running stomach", kutanthauza kutsegula m'mimba, ndipo ngakhale mawuwa samveka kawirikawiri ku Britain, akutsata bwino lomwe nzeru ya mneniyu. Msewu wa M1 nawonso Mngerezi amaunena kuti ukuchita "run" kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga, chikhalirecho msewu suyenda, chifukwa diso lakuutsata ndi limene likuyenda osapeza podukira.

Chilatini chinachitanso chimodzimodzi ndi mneni wake wa kuthamanga, "currere", amene anabala mawu a Chingerezi monga "current", onena za mphamvu ya madzi kapena ya magetsi, "currency", onena za ndalama zimene zikuyenda m'manja mwa anthu, ndi "curriculum", amene poyamba anali mpikisano wa liwiro ndi bwalo lake asanasanduke ndondomeko ya maphunziro. Zikuoneka kuti maganizo otere si a mtundu umodzi wokha.

Gawo lalikulu la matanthauzo atsopano linadza ndi makina. Wolemba mabuku wa ku Britain, Simon Winchester, polemba za nkhaniyi m'nyuzipepala ya New York Times mu 2011, anaona kuti kukwera kwa mneniyu kukugwirizana ndi nyengo ya mafakitale ndi ya makompyuta, ndipo pa mfundo imeneyi n'kovuta kumutsutsa, chifukwa injini, sitima, wotchi, basi ya pa msewu wina wake ndi pulogalamu ya pa kompyuta zonse zimanenedwa ndi mneni mmodziyu zikamagwira ntchito yake. Apa ndi pamene Mchewa ayenera kutchera khutu, pakuti m'chinenero chake zinthu zonsezi sizithamanga koma zimayenda: wotchi ikuyenda, madzi akuyenda, mabasi sakuyenda lero, bizinesi ikuyenda bwino, zinthu sizikuyenda. Ntchito yaikulu imene "run" amagwira m'Chingerezi, m'Chichewa amaigwira ndi mneni wakuti kuyenda, amene wophunzira uja anauzidwa kuti Chingerezi chake ndi "walk". Koma "walk" ndi mneni wopapatiza, amene kwenikweni amakakamira pa miyendo, ndipo Mngerezi sanganene kuti wotchi yake kapena kampani yake ikuchita "walk". Zinenero ziwirizi zinasankha mayendedwe osiyana a munthu kuti ziyerekezere nawo kugwira ntchito kwa zinthu, ndipo mndandanda wa kusukulu woika liwu limodzi pambali pa linzake umabisa kusemphana kumeneku.

Kufanana kwa "run" ndi kuyenda kumaonekeranso mneniyu akakhala woyambukira, kutanthauza kuti ntchito yake ikugwera pa chinthu china. Munthu amene amachita "run" sukulu, kampani kapena dziko, m'Chichewa amayendetsa sukulu, kampani kapena dzikolo, ndipo kusiyana kwa zinenerozi pano ndi kwa galamala chabe. Chichewa chili ndi msintho wochititsa, ndiko kuti kachidutswa koikidwa kumapeto kwa tsinde la mneni kosonyeza kuti wina ndiye akuchititsa ntchitoyo, kotero kuti kuyenda kumasanduka kuyendetsa ndipo womvera sangasokoneze ziwirizi. Chingerezi cha lero chilibe chizindikiro chotere pa mneniyu, motero liwu lomwelo limanena za makina amene akuyenda ndi za munthu amene akuwayendetsa, ndipo chosiyanitsa ndi kupezeka kapena kusapezeka kwa dzina lotsatira mneni. Womasulira amene wapeza chiganizo chonena za mayi wa golosale uja n'kulemba kuti amathamangitsa golosale walemba china chake chosiyaniratu, popeza kuthamangitsa m'Chichewa ndi kupirikitsa.

Nthawi nayo imalowa m'gulu lomweli. Pangano la ntchito kapena la lendi limachita "run" kwa zaka zakutizakuti, ndipo sewero la zisudzo limatero kwa masiku onse amene likuonetsedwa, monga sewero la Agatha Christie lotchedwa The Mousetrap, limene linayamba kuonetsedwa ku London mu Novembala 1952 n'kupitirira osalekeza mpaka Malichi 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa nyumba za zisudzo, kenako n'kuyambiranso chaka chotsatira.

Pa ndale ndi pamene mneniyu wakhudza Amalawi ambiri, ngakhale amene salankhula Chingerezi. Ku Britain munthu wofuna mpando wa ku nyumba ya malamulo amanenedwa ndi mneni wakuti "stand", amene akufanana ndi kuima kwa m'Chichewa, monga ponena kuti wakuti waima pa chisankho, pomwe ku America amanenedwa ndi "run", ngati kuti chisankho ndi mpikisano wa liwiro. Kuchokera ku America komweko kunabwera mawu akuti "running mate", amene anayambira ku mipikisano ya akavalo, ndipo tsopano amatanthauza munthu amene woimira upulezidenti wamusankha kuti aime naye limodzi ndi kudzakhala wachiwiri wake, monga Saulos Chilima anaimira limodzi ndi Lazarus Chakwera mu 2020, kapena monga zakhala zikuchitikira ku Zambia chisinthireni malamulo mu 2016. Mawu ena awiri ochokera ku mneni yemweyu amasokonezedwa kawirikawiri. Khoti loona za malamulo aakulu a dziko la Malawi litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019 pa 3 Febuluwale 2020, chisankho chimene chinachitika pa 23 Juni 2020 nyuzipepala zambiri zakunja zinachitcha "rerun", kutanthauza kubwereza mpikisano umene woyamba wake wapezeka kuti sunayende bwino. Koma "run-off" ndi chinthu china: ndi gawo lachiwiri la chisankho chimene chayenda bwinobwino, pamene awiri otsogola amapikisana okha chifukwa palibe amene wapeza mavoti oposa theka, monga zinachitikira ku Zimbabwe mu Juni 2008. M'Chichewa zonse ziwiri zimangotchedwa chisankho chachibwereza, ndipo wofotokozera anthu za lamulo la 50+1 ayenera kuwonjezera mawu ena kuti omvera adziwe kuti akunena chibwereza chiti.

Matanthauzo ena ambiri amabadwa mneniyu akaphatikana ndi timawu tating'ono monga "out", "into", "over" ndi "down", ndipo kuphatikana kumeneku kumabala tanthauzo limene silingapezeke pongowonkhetsa matanthauzo a mawu awiriwo. Shuga akatha m'nyumba amanena "run out", munthu akakumana ndi mnzake mwangozi mumsika amanena "run into", galimoto ikaponda mbuzi amanena "run over", ndipo "run down" angakhale kugunda munthu ndi galimoto, kumunyoza iye kulibe, kapena kutha mphamvu kwa batire, malinga ndi nkhani imene ili mkamwa. Liwulo likakhala dzina limafikanso ku mabanki, kumene "bank run" ndi pamene osungitsa ndalama akhamukira ku banki nthawi imodzi kukatapa ndalama zawo poopa kuti igwa, monga anthu anandandira pa makomo a Northern Rock ku Britain mu Sepitembala 2007.

Kusocheretsa kumeneku kumachitikanso mbali inayo, chifukwa kuthamanga kwa m'Chichewa nako kuli ndi malo amene "run" safikako. Nthenda ya kuthamanga kwa magazi Mngerezi amaifotokoza ndi mawu onena za kukwera kwa mphamvu imene magazi akukankha nayo mitsempha, osati za liwiro, ndipo mtima ukamathamanga chifukwa cha mantha amagwiritsa ntchito mneni wina, "race". Pamene zinenerozi zimakumana mosayembekezereka ndi pa kuthamangathamanga, kuja amachita achibale pa maliro kapena pa ukwati, wina kukagula bokosi, wina kukasaka galimoto, kumene Chingerezi chimakutcha "run around", ngakhale kuti mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene wathamanga ndi miyendo.

Nkhani ya mawu ofanana matanthauzo ndi yosiyana ndi yonseyi, ndipo ikupita mbali ina. Mu 1852 dokotala wina wa ku London, Peter Mark Roget, anasindikiza buku losanja mawu a Chingerezi m'magulu potengera ganizo limene akunena, ndipo mabuku a mtundu umenewu, otchedwa "thesaurus", ndi amene ophunzira amathamangirako akafuna kupewa kubwereza liwu limodzi pa chimangirizo. Pansi pa "run" amapezamo aneni ochuluka, koma pafupifupi onse amalowa m'malo mwa tanthauzo limodzi lokha mwa 645 aja, la munthu kapena nyama yoponya miyendo, ndipo ngakhale pamenepo aliyense amawonjezera kanthu kena kamene "run" alibe. Munthu sangachite "sprint" kampani, ndipo mpopi suchita "jog". Tanthauzo lililonse lili ndi anzake akeake, monga "manage" pa kuyendetsa kampani, "flow" pa madzi ndi "operate" pa makina, ndipo aneni amenewa sangasinthane malo.

Kuthamanga kwenikweni kumasiyana ndi kuyenda osati pa liwiro koma pa kaponyedwe ka miyendo, popeza wothamanga amakhala ndi kamphindi pamene mapazi onse awiri ali m'malere, ndipo n'chifukwa chake pa mpikisano wa kuyenda ndawala, umene umachitikanso pa masewera a Olympics, oweruza amayang'anitsitsa kuti phazi limodzi lizioneka lili pansi nthawi zonse. Mkati mwa malire amenewa, "jog" ndi kuthamanga pang'onopang'ono kolimbitsa thupi, ndipo liwuli linatchuka ndi tanthauzo limeneli Bill Bowerman, mphunzitsi wa othamanga pa yunivesite ya Oregon, ataona mchitidwewu ku New Zealand kwa Arthur Lydiard mu 1962 n'kudzatulutsa buku lake la Jogging mu 1967. "Sprint" ndi liwiro lonse limene thupi lingathe pa mtunda waufupi, pamene "dash" amawonjezera kudzidzimukira ndi changu cha munthu amene wachedwa. Aneni akuti "trot" ndi "gallop" ndi a akavalo, ndipo amabwerekedwa kwa anthu mofanizira: woyambayo ndi mayendedwe apakatikati pamene mwendo wakutsogolo wa mbali imodzi umaponyedwa limodzi ndi wakumbuyo wa mbali inayo, ndipo wachiwiriyo ndi liwiro lotheratu, limene Eadweard Muybridge analijambula ndi makamera ondandalika ku Palo Alto mu 1878, n'kusonyeza kuti ziboda zonse zinayi zimachoka pansi pamene miyendo yapindikira kunsi kwa mimba, osati pamene yatambasuka monga ankajambulira akatswiri a zithunzi zamanja.

Aneni ena amanena za mtima wa wothamangayo kuposa za miyendo yake. "Flee" ndi kuthawa choopsa, ndipo apa Chichewa n'cholemera kuposa mneni wamba wa Chingerezi, poti chimalekanitsa kuthawa ndi kuthamanga pamene "run" amanyamula zonse ziwiri. "Scurry" ndi tiliwiro ta timiyendo tatifupi, ta khoswe kapena ta munthu wamantha amene wolemba akufuna kumuchepetsa, "scamper" ndi wa ana ndi tiana ta ziweto tikamasewera, ndipo "lope" ndi wa miyendo italiitali yoponyedwa mosavutikira. Wolemba amene wanena kuti nduna inachita "scurry" potuluka m'msonkhano wainyoza ndunayo ngakhale sanaitukwane, ndipo wophunzira amene wangotola liwulo pa mndandanda amanyoza osadziwa. "Bolt" ndi kuthawa modzidzimutsa, ngati kavalo wodabwa, koma liwu lomwelo ndi limene linabala bawuti, ndipo likakhala mneni wa pa chitseko limatanthauza kupiringidza kuti chisatseguke, kotero kuti limanena za kuthawa ndi za kutsekera komwe. Zinangochitika mwamwayi kuti munthu amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009 dzina lake ndi Usain Bolt.

Chifukwa chimene Chingerezi chilili ndi aneni ochuluka chotere a kathamangidwe chinafotokozedwa ndi katswiri wa zinenero wa ku America, Leonard Talmy, amene mu 1985 anasonyeza kuti zinenero zimasiyana pa chimene zimaika mkati mwa mneni wa kuyenda. Chingerezi chimakonda kuika kayendedwe mu mneni, n'kusiya kumene munthu akulowera kuti kunenedwe ndi kaliwu kotsatira, pamene zinenero monga Chisipanishi ndi Chifalansa zimaika kolowerako mu mneni, ndipo kayendedwe kamanenedwa padera kapena kusiyidwa kumene. Chichewa chimapendekera ku gulu lachiwirili, chifukwa chili ndi kulowa, kutuluka, kukwera, kutsika, kuwoloka ndi kudutsa, moti pamene Mngerezi amati mbala inachita "run out" m'nyumba, Mchewa amati inatuluka ikuthamanga, ngakhale kuti msintho wochitira umamulolanso kunena kuti inathamangira kunja. Kuchepa kwa aneni a kathamangidwe sikutanthauza kuti Chichewa chilibe pofotokozera zinthuzi, koma kuti chimazifotokozera pena, makamaka m'mivekero, ndiwo mawu ojambula kamvekedwe kapena kaonekedwe ka chochitika, amene katswiri wa zinenero za Chibantu, Clement Doke, anawafotokoza ngati gulu lapadera la mawu mu 1935, komanso m'zining'a. Gwape amene Mngerezi angamunene ndi "bolt", Mchewa amati anangoti fulukutu pa tchire. Gulu limene lamwazikana pakumva mfuti linangoti balala. Wothawa mkwiyo wa anthu anati phazi thandize, kapena analiyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Zomasulira zambiri za masiku ano zimasiya chuma chimenechi, mwina chifukwa olemba ena amaona mivekero ngati ya pa nthano za madzulo, yosayenera pepala, ndipo zotsatira zake n'zakuti aneni asanu kapena asanu ndi mmodzi a Chingerezi, aliyense ndi chithunzi chake, amathera onse mu "anathawa" ndi "anathamanga". Pa chikalata cha boma kapena pa chigamulo cha khoti kuphweka kotere n'kolandirika, mwinanso n'kofunika, popeza kumeneko chofunika kudziwa ndi chakuti munthuyo anachoka pamalopo ndipo anachoka mwachangu. Pa nthano, pa nkhani ya mpira ndi pa buku lomasuliridwa, kusiya fulukutu ndi balala n'kutaya ndendende chimene wolemba wa Chingerezi anasankhira "bolt" m'malo mwa "run".